Kupulumutsa Konsitebo Chule

Lolemba

Lundazi yense adziwe, kuyambira ku Mphamba mpaka kumalire a Lukusuzi kumene njovu sizimvera wailesi, kuti lero m'mawa ndapukuta tebulo. Ndapukuta ndekha, ndi mpango wanga wa m'thumba, ine munthu wa digiri. Tebuloli lili m'kachipinda ka kumapeto kwa maofesi a boma, momwe kale ankasungiramo mbendera zong'ambika. Lachitatu pakhala kompyuta.

Nkhani yake ndi iyi. Chilowereni m'zipani zambiri, azungu otithandiza atipeza ndi matenda atsopano, akuti sitisunga madandaulo. Munthu akamenyedwa ndi wapolisi amakadandaula kupolisi komweko, ndipo pepala lake limakathera pamsika, litakulunga vitumbuwa. Ndiye atitumizira munthu wogulitsa pulogalamu ya pakompyuta yosunga madandaulo otere, kuti tiyese sabata ino, ikatikomera tisaine kuti igulidwe. Dandaulo lililonse lolowa pa kuyesaku lipita ku Lusaka. Wapolisi wotchulidwamo sapatsidwa setifiketi yake yatsopano mpaka mlandu umveke, ndipo wopanda setifiketi amachotsedwa papositi.

Komiti yogula:
Abusa Nyirenda, wapampando, chifukwa munthu sungatsutse amene wangokupempherera kumene.
Amayi Tembo a pamsika, oimira azimayi onse a m'boma lino, kaya azimayiwo akudziwa.
A Inisipekitala, oimira apolisi. Sanabwere. Sabwera kumisonkhano yopanda tiyi.
Ine, mlembi, chifukwa ndinaionapo kompyuta ku yunivesite. Ndinaionera pawindo. Za windolo sanandifunse.

Masana onse ndakhala patebulo langa loyera, maso kudenga. Ndikuona bokosi losaiwala. Silimwa mowa ndi sajeni. Lilibe mlamu kupolisi. Silisamutsidwira ku boma lakutali la Chama. Anthu akubwera panjinga kuchokera kumidzi, akulankhula nalo motsitsa mawu ngati ndi dokotala, ilo likungoti phethi phethi ndi kanyali kake kobiriwira. Pakhoma pali chithunzi changa, chaching'ono chabe.

Vuto limodzi: wodandaula. Abusa analengeza m'tchalitchi dzulo. Amayi Tembo alengeza pamsika. Palibe ndi mmodzi yemwe! Boma lonseli lakhuta chilungamo.

Amake Mwai, mkazi wanga, akuti: “Anthu si opusa, bambo a Mwai.”

Ndawakumbutsa za azakhali awo a ku Magodi. Asiya kupeta mpunga, andiyang'ana. Akuti azakhali awo ndiwasiye.

Lachiwiri

Ndabwereka mthuthuthu kwa a zaulimi. Ku Magodi!

Julayi, mphepo ikucheka makutu. Minda ya chimanga yangotsala mapesi, ng'ombe zikuyendamo pang'onopang'ono ngati zikuganiza. Zigafa za fodya zayamba kukhala zopanda kanthu. Panjira ndikulankhula ndekha m'chipewa chachitsulo, kukonza mawu amene ndidzanene pa wailesi akadzandifunsa mmene zinayambira. Ndagwa kamodzi pamchenga. Palibe wandiona kupatula mbuzi.

Azakhali, NyaMtonga, ndawapeza akumenya nshawa, kapena kuti mtedza, pamphasa. Monire, monire, za ana, za mvula ya chaka chatha, za ng'ombe imene inathyoka nyanga. Amuna awo, adada Jere, sanatuluke. Ndawapatsa moni kudzera pachitseko, ayankha ali m'kati.

Ndilembe zimene zinawachitikira, poti ndizo zandibweretsa. Pa kapositi ka polisi ka kufupi ndi mudzi wawo pali konsitebo amene dzina lake lenileni anthu analiiwala, amangoti Chule. Akagwira munthu amamugwiritsa makutu n'kumudumphitsa ngati chule. Nthawi yokolola anaimitsa adada Jere pamsika, akuti njinga yawo ilibe belu. Adada ndi mkulu wa mpingo, tsitsi lonse mbuu. Anawadumphitsa kuyambira pachigayo mpaka pamtengo wa ogulitsa nyama, akamwini awo ali pomwepo, azimayi a mumpingo ataphimba nkhope ndi zitenje. Bondo linatupa, linaphwa. Koma chichokereni tsikulo adada sanapondenso kutchalitchi, ngakhale pabwalo la nyumba yawo anthu akamadutsa.

Ndafotokoza za kompyuta. Ndafotokoza bwino kwambiri moti ndinayamba kudzimvetsera ndekha. Azakhali manja sanaleke kumenya nshawa.

Afunsa ngati apolisi adzakhalapo. Ndati a Inisipekitala sabwera kumisonkhano. Si bodza.

Afunsa kuti iwo akabwerera kuno, ine ndili ku boma, Chule ali pamsewu, zidzakhala bwanji. Ndati mawu awo akangolowa m'bokosi, palibe dzanja la wapolisi lingawatulutse, ndipo Chuleyo asamuka mvula isanagwe.

Ayang'ana chitseko chotseka chija. Kenako: “Apongozi, mwasambira ndimwe. Nkhwiza.” Ophunzira ndine, ndiye abwera.

Pobwerera ndawakweza kumbuyo, dengu la nshawa pakati pathu. Sindinagwe. Amake Mwai awalandira azakhali ndi manja awiri, ine andipatsa madzi osamba ozizira.

Lachitatu

Yafika! Pa galimoto yoyera, m'mabokosi, pamodzi ndi mwini wake a Mwansa a ku Lusaka: suti ya mabatani agolide, nsapato zimene fumbi lathu lazilandira nthawi yomweyo ngati abale. Aliyense amamuti bosi, ngakhale mlonda.

Zimene zatuluka m'mabokosi:
chinthu chonga wailesi yakanema,
chinthu chonga sutikesi yachitsulo,
mabatani a zilembo osatsata a, b, c,
zingwe, zingwe, zingwe,
fungo. Fungo la zinthu zimene sizinagwirepo munthu. Ndalowetsa mutu m'bokosi lopanda kanthu, ndapuma kawiri katatu. Kunja kumanunkhira chonchi.

Pulagi yake ya mano atatu, khoma lathu la mabowo awiri. Mlonda wathamangira kwa wokonza mawailesi. Pobwera ndi chothandizira, magetsi athima.

Tachita msonkhano mumdima wa masana. Abusa apempherera makinawo, kuti akhale chiwiya cha choonadi ndiponso kuti mphenzi iwalambalale. Amayi Tembo afuna kuona chimene tikugula. A Mwansa akuti bokosili ndi lawo, abwerera nalo, ife tikugula za m'kati. Atulutsa m'thumba la malaya kanthu kakuda kaphanthiphanthi, kotha kubisika m'chikhatho, akuti disiketi.

“Iyi ndiye softiweya, bamayo.”

Amayi Tembo akagwedeza pafupi ndi khutu. Akuti sikalira. A Mwansa akuti nakonso si kathu, tikugula za m'kati mwake. Amayi Tembo akuti iwo pamsika akagulitsa za m'kati mwa za m'kati, apolisi omwewo angawamange.

Ine ndakondwa nazo. Kugula chinthu chosaoneka, chosagwirika, chosadyedwa ndi chiswe! Makolo athu ankapereka mbuzi kuti mvula igwe. Ife tasintha mbuzi chabe.

Azakhali akhala tsiku lonse pabenchi ya pakhonde, miyendo pamodzi, nsapato zawo za kutchalitchi zili m'manja kuti zisade. Madzulo andifunsa ngati bokosi lawamva. Ndati likupuma, lachokera kutali.

Tisanatseke amayi Tembo afunditsa kompyuta chitenje chawo, chija cha nkhope ya phungu amene analuza.

Lachinayi

Magetsi abwera! Kanyali n'kobiriwira ndithu, monga ndinalotera. Galasi lake labuluu, buluu wa kumwamba kwa mwezi uno. Ndaliyang'ana mpaka maso atuluka misozi.

A Mwansa atiphunzitsa. Dzina la wodandaula. Mudzi. Dzina la wapolisi. Mtundu wa cholakwa, usankhe pa zimene azungu analemba kale: kumenya, kuombera mfuti, kutsekera munthu popanda mlandu, kulanda katundu, zina. Ndafunsa za kudumphitsa chule. Akuti kwawo kulibe. Abusa akuti mwina ndi kumenya. Amayi Tembo akuti Chule sagwira munthu, munthu amadzigwira yekha makutu. Tatsutsana mpaka nthawi ya nkhomaliro, tagwirizana kuti adada Jere ndi zina.

Ndaloledwa kudina. Ndalemba dzina langa ndi chala chimodzi, laonekera pagalasi, loyera pa buluu. Silinaonekepo lokongola chonchi, ngakhale pa digiri. A Mwansa alifafaniza ndi batani limodzi. Ndamva ngati andiponda phazi.

Mbiri yamveka m'tauni kuti ku boma kuli bokosi lomva madandaulo. Abwera:
bambo wina, mbuzi za mnansi wake zikudya mbatata,
mphunzitsi wopuma amene akufuna kudziwa ngati lingalosere za mpira,
mayi wina amene wangoti aone nawo.
Za apolisi palibe.

Tili pafupi kuyitana azakhali, chitseko chatseguka, a Inisipekitala. Yunifomu yositidwa mpaka kuthwa, ndodo m'khwapa, nkhope yamtendere. Wina wawauza kuti a Mwansa abwera ndi mabisiketi. Akuti apepesa kwambiri chifukwa chojomba, ntchito yamtunduwu ili pamtima pawo, mawa afika m'mamawa. Agwira dzanja aliyense. Potuluka aima pakhonde, apereka moni kwa azakhali m'Chitumbuka chabwino kuposa changa.

Kenako magetsi athima.

Kunyumba azakhali sanadye bwino. Akuti uja wa ndodo ndi ndani. Ndati ndi membala chabe, mphamvu zili m'bokosi. Amake Mwai akuti azakhali akwere lole ya fodya mawa m'mawa abwerere, nkhani ithe. Azakhali akuti abwera kale, nsapato avala kale, ndipo adada akudikira kumva. Ine ndalankhula za demokalase. Amake Mwai achotsa mbale.

Lachisanu

Tsiku lalikulu. Ndavala tayi.

Onse alipo. Abusa pakati, amayi Tembo kumanzere, a Inisipekitala kumanja atayika chipewa pabondo. A Mwansa pa mabatani. Azakhali tawapatsa mpando, akana, akuti mlandu sanena chikhalire pampando wa boma. Aimirira, manja kumbuyo.

Dzina anena. Mudzi anena, ndi wa amfumu ake, ndi njira yake yopatukira pachigayo, poti aganiza kuti bokosi lingafune kudzawayendera. Dzina lenileni la Chule atithandiza ndi a Inisipekitala, mwaulemu, ndi nambala yake yomwe.

Azakhali ayamba. Salankhula kwa ife, akulankhula kwa galasi. Ine ndikumasulira m'Chingelezi, a Mwansa akudina. Atafika pa belu, mlonda walowa, akuti a Mwansa akufunidwa ku positi ofesi, Lusaka ili pa lamya. Aimirira msanga, andikhazika pampando wawo.

“Pitilizani, bosi, siivuta. Mukasiliza muzadina apa, izakufunsani funso, muyankhe chabe.”

Ndiye ndine! Chala chimodzi, chilembo chimodzi, azakhali akudikira chala changa. Chigayo. Mtengo wa nyama. Akamwini. Zitenje kumaso. Anena kuti adada atafika kunyumba tsiku lija anapempha madzi, anasamba, anavala jekete lawo la pa Mgonero, n'kukhala pabedi mpaka kunja kunada. Amayi Tembo ayang'ana pansi. A Inisipekitala akumvetsera ndi mutu wopendekeka, ngati munthu womvera nyimbo.

Ndamaliza, ndadina pamene anandionetsa. Funso latuluka, lalifupi: liwu la Chingelezi loti seva, dzina la konsitebo, chizindikiro chofunsa. Pansi pake inde kapena ayi.

Liwu limeneli ndimalidziwa chiyambire Sande sukulu. Lili m'nyimbo, lili pa zikwangwani za misonkhano ya chitsitsimutso. Ndaimirira, ndakonza tayi, ndalengeza kuti makina akufunsa ngati amama akufuna kumupulumutsa konsitebo. Abusa awonjezera m'Chitumbuka kuti kumuponoska, kuti pasakhale kusamva.

Azungu awa! Kupanga bokosi lopereka chiweruzo m'manja mwa mayi wa ku Magodi!

Abusa akuti amama aganize bwino, tonse ndife ochimwa, adine inde. A Inisipekitala akuti mnyamatayo ali ndi ana aang'ono, iwo akamulangiza okha, amama achite chifundo, adine inde. Apempha kawiri. Phazi la amayi Tembo likugunda simenti.

Azakhali ayang'ana galasi nthawi yaitali.

“Chiuta wamuponoske yekha. Ine yayi.”

Ndadina ayi. Ndadina ndi chala chonse, m'dzina la adada Jere ndi achule onse a m'boma lino. Zilembo zonse zachoka kamodzi, galasi latsala buluu woyera, lopanda banga. Amayi Tembo aimba nthungululu, akuti zapita, zapita ku Lusaka. Abusa apukusa mutu mwachisoni. A Inisipekitala avala chipewa, athokoza komiti, atuluka.

A Mwansa abwera magetsi atathima kale. Tawauza kuti zonse zatheka. Aika disiketi m'thumba la malaya.

Madzulo nkhuku. Amake Mwai andipatsa chiwindi. Azakhali aseka koyamba sabata ino, akuyerekeza mmene ndinadinira.

Loweruka

Azakhali anyamuka m'mawa pa lole yobwerera kukatenga fodya. Akhala pamwamba pa masaka opanda kanthu ngati mfumukazi. Akuti akafika akatsegula chitseko cha adada chija okha, adada mawa apite kutchalitchi. Atisiyira nshawa zonse.

Ndapita ku boma kukatsanzikana ndi a Mwansa. Mabokosi amangidwa kale pagalimoto. Ndikuwafotokozera za dzulo, poti anaphonya pokoma. Abusa akuti inde, a Inisipekitala akuti inde, mayi wa kumudzi akuti yayi!

Asiya kumanga chingwe. Akuti yayi wa chiyani. Ndabwereza funso lija, ndi kumasulira kwanga.

Aseka. Aseka mpaka agwira chitseko cha galimoto, mpaka mlonda waseka nawo osadziwa chifukwa. Kenako andiyang'ana nkhope, aleka.

“Seva ni kusunga, bosi. Kusunga chabe. Inafunsa ngati isunge zamene munalemba.”

Ndafunsa kuti ndiye zili kuti. Atambasula chikhatho, auzira.

Zimene ndayesa:
kuti timasule mabokosi, ndilembenso, zonse ndikuzikumbuka. Magetsi kulibe.
kuti tidikire magetsi. Malamulo a azungu akuti wodandaula akhalepo, ndi wapampando. Wodandaula ali pa lole. Abusa apita kumaliro ku Mphamba.
kuti ndilembe papepala, apite nalo. Akuti pepala ndilo vuto limene anabwera kudzathetsa.
kuti abwerenso. Akuti Lolemba akhale ali ku boma lina, ndipo mayina a ma setifiketi atsekedwa disiketi ikangofika.

Andigwira paphewa. Akuti ndisadandaule, ku Lusaka akondwa, boma lopanda dandaulo ndi limodzi lomwe ndi losowa. Koma akuti mwina pa chifukwa chomwecho anganene kuti pulogalamuyi kuno siifunika. Apa nkhope yawo yagwa kuposa yanga.

Galimoto yapita, fumbi latsala likuyandama pamsewu nthawi yaitali, lagolide ndi dzuwa. Ndaima ndikuliyang'ana. Ndikuganiza kuti azakhali akanamvera a Inisipekitala, Chule bwenzi akumanga katundu.

Amayi Tembo abwera kudzatenga chitenje chawo. Akuti anthu atatu pamsika alimba mtima, akufuna kudzadandaula sabata yamawa. Ndati tidzawauza tsiku.

Lamulungu

Kutchalitchi. Ulaliki wa chipulumutso. Liwu lija latchulidwa ulaliki wonse, ndipo nthawi iliyonse ndimayang'ana nsapato zanga.

Potuluka a Inisipekitala andipeza pansi pa mtengo wa mango, ali m'suti, Baibulo m'khwapa. Akuti anakumana ndi a Mwansa pothira mafuta dzulo, anacheza pang'ono. Akuti Chingelezi ndi chinenero chovuta, ngakhale iwo chimawapunthwitsa. Afunsa ngati azakhali athu anafika bwino. Atchula mudzi wawo osalakwitsa, ndi njira yopatukira pachigayo. Akuti ndikapereke moni kwa adada, bondo lipole.

Ndati yewo.

Amake Mwai sindinawauze. Akuimba kukhitchini. Akuti mwina anandiweruza msanga, sukulu ili ndi ntchito yake.

Lipoti la komiti ndalilemba masana, lalifupi. Makina anagwira bwino. Anthu anasangalala. Palibe chinawonongeka.

Muno ndilembe zina. Nthawi ino ku Magodi atuluka m'tchalitchi. Adada Jere ali pabwalo, m'jekete, anthu akuwagwira dzanja. Azakhali akufotokozera azimayi mmene anakanira pamaso pa wa ndodo, ndipo pofika madzulo nkhaniyo ikhala itafika papositi. Chule setifiketi yake alandira. Ine ndili ku boma. Azakhali ndi adada chigayo chawo ndi chomwecho, msewu ndi womwewo.

Azakhali anandifunsa za zimenezi tisananyamuke, ndipo ndinawayankha bwino kwambiri.

Mawa ndipita kukawauza. Ndakhala ndikufunafuna mawu ake, m'Chinyanja ndi m'Chitumbuka momwe, ndipo onse akutuluka ofanana. Ndinawaimika pamaso pa apolisi, anena zonse, ndipo amene wasunga ndi a Inisipekitala okha.